Sanda ya Amayi pa Galimoto ya Saidi

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Simukumva kuzizira? Za kuzizira ndafunsa dala, chifukwa amene anakuvekani tsiku lija ndine, ndipo ndikudziwa kuti zimene munapita nazo n'zopyapyala. Nkhani imeneyo ndifikapo. Ndiyambe ndi za pamudzi, paja inu munkadana ndi munthu woyamba mlandu asanakhale n'komwe pamphasa.

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Amina anakwatiwa, ndipo mwezi wathawu anachira, mwana wamkazi wa makutu anu omwe aja. Tamutcha dzina lanu. Akamalira ndimamuyankha kuti, "Ndamva, amayi," koma satonthola msanga, ngati mwini dzina. Mpunga wa kudambo la Bua unachita bwino chaka chatha, chaka chino mvuu zatithandiza kukolola. Chinangwa chilipo, sitigona ndi njala. Bambo a Amina akupitabe kunyanja ngakhale msana ukuwavuta, ndipo pa khoka lawo tsopano zigamba zachuluka kuposa khoka lenilenilo. Mbuzi yanu yamawanga ija inatengedwa ndi ng'ona pomwa madzi. Inali yaliuma, palibe anailira. Makadi a chipani tinagula tonse, wakhanda yemwe ali nayo yake, ndiye pamsika timalowa osavutitsidwa.

Tsopano za mwana wanu. Ndikati mwana wanu mukudziwa amene ndikunena. Ine ndinali wotumidwa, mwana anali Saidi. Mutu wa chambo unali wa Saidi, ine mchira, ndipo ndikang'ung'udza munkati, "Asiyatu, mwana wamwamuna ndi mzati, wamkazi ndi udzu wa padenga, chaka ndi chaka timasintha." Mawu amenewo ndinawasunga bwino, sanawole. Mukanakhala moyo sindikanalimba mtima kukuuzani zimene ndilembe pano, chifukwa mukanandidula pakamwa. Lero mumva mpaka kumapeto.

Mukukumbukira mmene anabwerera kuchokera ku Zambia, kumene ankayendetsa malole a kumigodi. Anafika ndi pikapu yobiriwira, yakale, yotsokomola ngati nkhalamba, ana a mudzi wonse akuthamangira pambuyo. Asanavule n'komwe nsapato anagwada patsogolo panu n'kunena kuti, "Amayi, kumeneko ndinaona azungu akuyenda ndi nyumba pagalimoto, kuchokera kwawo mpaka kuno, kugona momwemo, kuphika momwemo. Inenso ndimanga yanga. Ndikutengani ku Maka pamsewu, mukaone nyumba ya Mulungu ndi maso anu." Inu munalira. Ine ndinali nditasenza ndowa ya madzi, ndipo palibe anandithandiza kutula.

Ndisaname, ntchito ankaidziwa. Anachotsa mateyala kuti asawonongeke ndi dzuwa, galimoto n'kuikhazika pamiyala pansi pa mango wa kuseri kwa nyumba yanu. Matabwa anaphwasula ku boti la malemu bambo, mlombwa wouma gwa, ndipo anamanga chibokosi chodzaza kumbuyo konse kwa pikapu. M'mipata ya matabwa ankakhomeramo thonje n'kumata phula lakuda, monga bambo ankachitira ndi boti, akuti ngakhale mvula ya ku Nkhata Bay isalowe. M'katimo anaikamo bedi lanu kumanzere, benchi lake kumanja, malo a mgolo wa madzi, malo a mbaula, ndi kachipinda pansi pa thabwa kosungiramo mpunga ndi zitsulo. Denga anasula ndi migolo yophwanya. Mahinjesi anazula pachitseko cha kuchipinda kwanu, ndipo mpaka lero chitsekocho timachita kuchinyamula.

Chimene chinkaitana anthu chinali denga lija. Silinali lokhomera. Linkagona pa bokosi ngati chivundikiro, ndipo munthu akalikankha ndi phewa linkakwera lokha, chifukwa anali atalimangira masipuling'i a bedi lachitsulo ndi mapaipi a njinga zakufa. Ankafotokozera aliyense, ngakhale wosafunsa. "Poyenda lizigona, kuti mphepo ndi nthambi zisaligwire. Tikaima ndizilikweza, amayi aziimirira bwinobwino poswali kwa Mulungu, osawerama ngati ali m'khola." Inu pamphasa, mwendo wotupa uja mutautambasula, munkangoti, "Mwamumva wangayo?" Kenako, "Asiyatu, mwana wauma kukhosi, tiyi ali kuti?"

Panatsala chinthu chimodzi. Denga likakwera, pakati pa denga ndi bokosi pankatsala mpata wozungulira, wofunika nsalu yolimba yoti izipindika denga likatsika. Tenti weniweni sankapezeka ngakhale ku boma, ndipo matanga a boti la bambo anali atadyedwa ndi makoswe kalekale. Kwa milungu ingapo Saidi ankangozungulira galimoto ija akukanda m'mutu. Kenako anasiya kukanda m'mutu. Anayamba kusonkhanitsa makandulo ndi phula la njuchi, n'kumadzitsekera m'bokosi muja ndi singano yosokera matumba, denga lili chogona. Ine ndinaona, koma nthawi imeneyo n'kuti inu mutagwa kale pamphasa osadzukanso, ndipo manja anga anali m'zochapa zanu.

Sanda yanu mukuikumbukira, sindikufunsa n'komwe. Bafuta woyera, mpukutu wathunthu wosadula, umene munagula kwa mmwenye ku boma kuti tidzakukulungireni tsiku lanu likadzakwana. Munkausunga m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, pamodzi ndi timibulu ta lubani, ndipo Ramadani ikatha munkautulutsa kuti upitidwe mphepo. Chaka china munapeza kuti dzimbiri la pakona pa bokosi ladetsa nsonga imodzi, banga lofiirira looneka ngati tsamba la chinangwa, ndipo munanditukwana tsiku lonse ngati dzimbirilo ndinabereka ndine. Munkati, "Ndakhala m'zigamba moyo wanga wonse, koma pamaso pa Mulungu ndikafika ngati munthu." Mutadwala, kiyi wa bokosilo munandimangirira ine m'chiuno. Simunadziwe kuti loko wake ankatseguka ndi msomali, ndipo inenso sindinadziwe.

Patatsala masiku ochepa kuti mutisiye munandifunsa, "Asiyatu, nsalu yanga ilipo?" Ndinagwira kiyi n'kukuonetsani, ndipo munatseka maso mokhutira. Saidi anali ataima pakhomo, atabwera kudzakuuzani kuti bedi lanu lapagalimoto latha kupala. Anamva funso lanu, anamva yankho langa, ndipo anabwerera ku ntchito yake akuimba muluzu.

Munamwalira m'mawa, mvula ili pachimake. Amayi osambitsa maliro atafika, motsogozedwa ndi mng'ono wanu, mayi aang'ono a Zainabu, ndinakoka bokosi lija pamaso pa onse n'kutsekula. Munali lubani yekha, amayi. Lubani ndi fungo lake. Bua anali atasefukira, msewu wa ku boma utaduka, galimoto ya mwana wanu ili pamiyala yopanda mateyala, ndipo a shehe anali atatumiza kale mawu kuti manda akonzeka, maliro asagone.

Ndiye imvani zimene munavala. Pansi tinayala shiti yanga ya paukwati, ija munkati ndinasankha yotchipa. Inali itapyapyala pakati moti dzanja linkaonekera. Zidutswa zina tinalumikiza matumba a ufa wa buledi amene mkazi wa mwini tiyirumu anatipatsa. Tinawachapa mofulumira koma malembo sanachoke onse, ndipo pachifuwa panu panali chithunzi cha ngala ya tirigu. Kumutu tinakukulungani ndi mpango woyera wa Amina wa ku madrasa. Nsalu sinakwane bwino kumapazi, ndinachita kukupindani maondo pang'ono. Ndi mmene munakafikira pamaso pa Mulungu, miyendo yopinda, mutavala matumba.

Tisanakutulutseni, mayi aang'ono anaimirira pakati pa amayi onse n'kufunsa mofatsa kuti, "Kodi kiyi amasunga ndani?" Onse anangoyang'ana m'chiuno mwanga. Wina kumbuyo anati, "Si paja Amina anavala diresi loyera pa Idi?" Diresi limenelo munaliona nokha kuti linali la nsalu ina, koma inu munali mutagona chete. Ndinatuluka panja ndikulira, ndinapeza Saidi atakhala pafupi ndi jeneza loti akunyamulireni. Ndinati, "Iwe Saidi, akuti ndaba sanda ya amayi. Lankhulako." Anazyolika, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi. Amuna anati mwana wasweka mtima, musiyeni.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasintha. Ana ankandiitana kuti Nasanda, ndipo ana sapeka okha maina. Kudooko amayi ankayamba kupinda zochapa zawo ndikangofika. Pa sadaka yanu ya masiku makumi anayi, pakhomo pa mayi anga omwe, anandipatsa ntchito yotola nkhuni, mpunga anaphika ena. Pamaliro anasiya kundiitana kukasambitsa, ntchito imene munandiphunzitsa inu. A kuchimuna kwa Amina anayamba kuzengereza, akuti aone kaye mtundu wake, ndipo mwanayo anaonda ndi kulira. Bambo ake enieniwo tsiku lina ananditengera pambali n'kuti, "Mayi a Amina, ngati munagulitsa chifukwa cha mankhwala a amayi, mungondiuza." Zimenezo zinandiwawa kuposa zonse, ndipo ndinatha nthawi ndisakuwalankhula.

Mvula itatha Saidi anabwezera mateyala. Lachisanu lina anthu akutuluka mumzikiti anaimika galimoto pabwalo, atavala mkanjo watsopano, n'kuitana aliyense kuti adzaone. Analowa, anakankha ndi phewa, denga linakwera, ndipo m'mbali monse munatambasuka nsalu yachikasu, yonyezimira ndi phula, yokhala ndi mawindo awiri otchinga ndi neti ya udzudzu. Anthu anaomba m'manja. A shehe anaimirira m'katimo n'kukweza manja kuti aone ngati munthu angaswali, ndipo anatuluka akumwetulira. Amayi tinaloledwa pomaliza. Dzuwa linali litawotcha denga lija, phula litafewa, ndipo nditangolowetsa mutu ndinamva fungo la pansi pa bedi lanu. Sindinafune kufufuza, koma maso anapita okha. Pakona, pafupi ndi hinjesi ya chitseko chanu, panali tsamba la chinangwa lija.

Ndinamudikira mpaka anthu atabalalika. Ndinati, "Saidi, nsalu iyi unaitenga kuti?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Achemwali, tsitsani mawu. Ndinangobwereka. Ndimati ndikagula ina ku boma asanadziwe. Ndani ankadziwa kuti apita mwezi womwewo?"

"Tsiku la maliro inali kuti?"

"Inali momwemu. Koma ndinali nditaidula kale, nditaipaka phula. Ndikanaitulutsa bwanji pamaso pa anthu?"

"Ndiye unasankha kuti wotukwanidwa ndikhale ine."

"Inu ndinu olimba, achemwali. Zimenezi anthu aiwala. Komanso taganizani, si nsalu yomweyi ikanawafikitsa ku Maka? Ine ndipitabe, ndikawapempherera kumeneko. Madalitso ake adzakhala awo."

Mwamumva wanuyo, amayi?

Ndinapita kwa mayi aang'ono tsiku lomwelo, ndinawapempha kuti akaone banga ndi maso awo. Anapitiriza kupeta mpunga. Anati, "Asiyatu, zinatha zimenezo. Wamwamuna mmodzi yekhayo pamtundu pathu, ukufuna umuvule pagulu? Chibale ndi fupa, sichiwola. Iwe ndiwe mkazi, upirire." Sanapite kukaona. Ndinazindikira pamenepo kuti anali akuganizira kale, ndipo anaona kuti pa awirife wosavuta kumutaya ndine. Ndinabwerera kunyumba ndili Nasanda yemweyo.

Iye anayamba kuyesa nyumba yake. Ankatenga mkazi wake n'kupita ku Mwadzama, ku Dwangwa, kukagona m'mphepete mwa msewu, kuphika pa mbaula ana akuwazungulira. Pobwera ankatiuza pamene pakulira, pamene wamanganso, ndi mmene anthu anadabwira denga likukwera. Mkaziyo ankagona pa bedi lanu. Ine ndikaiona galimoto ikudutsa denga lili chogona, ndinkadziwa kuti sanda yanu yapindika m'menemo ikumwa fumbi.

Chimene chinamupweteketsa mwana wanu ndi pakamwa. Mukudziwa mmene zilili masiku ano, maina a maiko ena satchulidwa pagulu, makamaka dziko la kumpoto lija kumene amati kunathawira oukira boma. Iye pa tiyirumu, pa dooko, pa bawo, ankajambula msewu pamchenga ndi kamtengo: apa Nkhata Bay, apa Karonga, apa ndiwoloka malire, apa ndili ndi anzanga andilandira. Bambo a Amina anamutsina khutu kangapo. Anayankha kuti munthu wopita kunyumba ya Mulungu saopa munthu mnzake.

Anabwera m'mawa, tikuyanika chinangwa. Anali a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani, amene anaphunzira naye limodzi ku madrasa, ndi anyamata a malaya ofiira, ena a konkuno, ena achilendo ochokera ku boma. Anamuuza kuti akweze denga. Analikweza, ndipo ndinaona kuti ngakhale pamenepo ankanyadira. Wachilendo wina analowa, anagogoda pansi ndi ndodo, anapeza kachipinda ka pansi pa thabwa. Anatuluka n'kunena kuti, "Kunja ikuoneka ngati yonyamula katundu, koma m'kati muli pogona, madzi, chakudya, ndi dzenje lokwana munthu. Ukukatenga ndani kumalire?" Saidi anati ku Maka, bwana, ulendowu ndi wa ku Maka, funsani aliyense. Aliyense uja anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo. Mayi aang'ono anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya ndiwo pamoto.

A tcheyamani sankafuna magazi pamudzi pawo, zimenezo zinkaoneka. Anandiitana. "Mayi a Amina, inu ndinu mkulu wake, mawu anu awa awamva. Tauzani alendowa kuti galimotoyi anamangira mayi anu, kuti ndi ulendo wa Haji basi. Mukatero nkhani ithera pompano."

Ndinayankha zoona zokhazokha, amayi, monga munandiphunzitsira. Ndinati, "Mayi athu ali kumanda. Ku Maka apita bwanji?"

Saidi anati, "Achemwali." Anatero motsitsa, mmene ankandiitanira ali mwana akaona galu panjira. Ine ndinazyolika, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi. Ndinapeza kuti si ntchito yovuta.

Musayembekeze kuti ndinena kuti ndinalakwa. Ndafufuza mumtima mwanga ngati wofufuza nsabwe, ndipo chisoni sindinachipeze. Anamumenya pomwepo, pansi pa mango, mpaka mkanjo uja unasintha mtundu, kenako anamuponya kumbuyo kwa lole yawo. Chibokosi chija anachikankha ndi mitengo n'kuchigwetsera pansi, pikapu anatenga. Ilipo mpaka lero, anaipaka utoto wina, imanyamula amayi kupita kukavina kumisonkhano ya chipani. Inenso ndakwerapo kangapo. Imayenda bwino, injini anaikonza ndi mtima wonse mwana wanuyo.

Iye atapita ndinatenga mpeni wopalira nsomba n'kudula nsalu yonse m'mbali mwa denga. Ndinaiwiritsa mumgolo ndi phulusa ndi sopo, koma phula linakana kuchoka lonse, chikasu chinatsala. Ndinaiyanika pachingwe cha kutsogolo, chakumsewu, banga lili poonekera, ndipo ndinaisiya pamenepo mpaka mudzi wonse unadutsa. Mayi aang'ono anaima, anayang'ana tsamba la chinangwa lija nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndingawagawireko mchere. Palibe anapepesa, ngakhale mmodzi. Koma atamwalira mayi wina kumtunda anatumiza uthenga kuti ndikasambitse, ndipo a kuchimuna kwa Amina anakumbukira njira ya kwathu. Dzina la Nasanda likumvekabe apo ndi apo, kwa ana amene sadziwa n'komwe chiyambi chake.

Anamutulutsa chaka chatha, nthawi ya mango. Sindinamuzindikire. Mano akutsogolo kulibe, miyendo yotupa ngati mwendo wanu uja, ndipo akatsokomola amayang'ana kaye m'dzanja asanapukute. Kumene anali sanena, ifenso sitifunsa, masiku ano funso limapweteketsa. Mkazi wake anabwerera kwawo ku Dwangwa kalekale, anakwatiwa ndi wodula nzimbe.

M'nyumba mwanu mukukhala Amina ndi mwamuna wake ndi khanda, ndipo chifuwa chotere sichigona limodzi ndi anthu, makamaka khanda. Ndiye tinakhazika chibokosi chija pamiyala yomwe ija, pansi pa mango, ndi momwe akukhala. Denga silikwera, pakuti m'mbali mulibe nsalu, ndipo ngakhale ikanakhalapo phewa lokankhira alibe. Amalowa chokwawa, amaswali chokhala. Mvula yokha siilowa, thonje ndi phula zija zikugwirabe. Amagona pa bedi lija anamangira inu, kumanzere. M'kachipinda ka pansi pa thabwa nkhuku zimaikira mazira.

Musade nkhawa, ndikumusamala. Chibale ndi fupa, anatero mayi aang'ono, amene sanabwere n'komwe kudzamuona. Ndimamuchapira, ndimamutengera madzi ofunda, ndinapita naye kuchipatala, kumene anatipatsa mapiritsi n'kutiuza kuti tinachedwa. Bambo a Amina akabwera ndi chambo, mutu ndimapereka kwa Saidi, monga mwa lamulo lanu. Alibe mano oswera, amangouyamwa, kenako ndimapatsa mphaka. Nthawi zina ndimakhala pakhomo pa bokosilo n'kumufunsa, "Lero tafika pati, adiraiva? Karonga tadutsa?" Amangoyang'ana kudenga. Tsiku lina analira, ndipo ndinadikira kuti mtima wanga ufewe. Ndinadikira ndithu, mpaka mpunga unapserera pamoto.

Ndimakusowani, amayi, zimenezo n'zoona. Ndikamasambitsa maliro manja anga amachita zimene ankachita anu, ndipo ndimamva mukundiuza kumbuyo kuti madzi ndatenthetsa kwambiri. Koma ndimalakalakanso mutadzuka tsiku limodzi lokha, mukhale pamphasa yanu, muone mzati wanu uli m'bokosi, udzu wa padenga ukuumwetsa phala, ndiye munenenso mawu aja ndimve.

Dzulo masana anandiitana. Mawu ake tsopano ndi mpweya wokhawokha, ndinachita kulowetsa mutu m'bokosi. Anati, "Achemwali, nsalu ija ikadalipo?"

Ndinati ilipo, ili m'bokosi lachitsulo, ndinaikamo lubani watsopano, ndipo loko ndinasintha.

Kenako anandigwira dzanja, koyamba chibwerereni. "Ndapota nanu, musadzandiveke imeneyo. Bola matumba, bola masamba a nthochi. Ndikaonana nawo bwanji amayi nditavala imeneyo?"

Ndinamufunditsa bulangeti, ndinamuuza kuti asamalankhule kwambiri, zimautsa chifuwa.

Omusambitsa ndi omuveka adzakhala amuna, koma nsalu amapereka ndi mwini maliro, ndipo mwini maliro ndine. Ndinawafunsa kale a shehe ngati sanda yachikasu imaloledwa. Anati yoyera ndiyo yabwino, koma pa umphawi nsalu iliyonse yochapa imakwana. Ndi mawu omwe ananena pa tsiku lanu.

Choncho pirirani, amayi, kuzizira kwatsala pang'ono kutha. Mmene akutsokomolera sindikhulupirira kuti aona mvula ikubwerayi. Sanda yanu ndikutumizirani, ndalonjeza, ndipo ndaipezera wonyamula amene mumamukhulupirira kuposa ine. Idzafika yosanyowa, phula lake ndi labwino. Zidutswa ndalumikiza, koma mawindo awiri aja ndawasiya kuti mudzamuzindikire msanga, ndipo ndidzawauza amunawo kuti banga likhale pachifuwa. Mukamuvule nokha, mukamufunse nokha. Ulendo wa pamsewu unamukanika, koma uwu afika.

Wakhanda wadzuka, akulira, ndilekeze pomwepa. Ndimakukondani, amayi, monga ndinkakukonderani muja, osadikira kuti mundibwezere.

Ndine wotumidwa wanu,
Asiyatu